Chigono cha Ndege za Pamadzi ku Cape Maclear

Tsiku lina ndili kuphunzitsa ana a Sitandade 7, tinapeza m'buku lina lakale la Chingerezi chithunzi cha galeta lokokedwa ndi akavalo anayi, litaima pakhomo pa nyumba yosanja, anthu ali kalikiliki kutsitsa katundu. Ndinawafotokozera anawo kuti kale ku Mangalande, njanji isanabwere, anthu ankayenda maulendo aatali pa magaleta otere, ndipo pa mtunda uliwonse wa mamailosi 10 kapena 15 pankakhala nyumba ya alendo pamene ankasinthirapo akavalo otopa, apaulendo n'kudya, ena n'kugona. Ndinanenanso kuti njanji itayamba kufalikira m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, nyumba zambiri zoterezi zinasoŵa alendo n'kutsekedwa. Pamenepo mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene kaŵirikaŵiri satsekula pakamwa m'kalasi, anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga kwathu kuno nyumba zoterezi zinaliko?" Ndinayankha msangamsanga kuti iyayi, zimenezo n'za ku Ulaya, ndipo tinapitiriza phunziro. Koma usiku umenewo yankho langalo linandisoŵetsa tulo, pakuti ndinazindikira kuti ndinawapatsa anawo theka lokha la choona.

Zoonadi, magaleta a akavalo sanayende m'dziko muno monga ankayendera kwa eni akewo. Chifukwa chake n'chodziŵika: m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja munali ntchentche za kashembe, zimene zikaluma kavalo kapena ng'ombe, chiŵetocho sichikhalitsa. Koma chigono tinali nacho kuyambira kalekale. Makolo athu poyenda ulendo wa masiku ambiri, kaya wokagula mchere, kaya wokagulitsa makasu, ankadziŵa kuti dzuŵa likapendeka akhala atafika pa mkuyu wakutiwakuti, pafupi ndi madzi, pamene anzawo otsogola anasiya mafuwa ndi zikuni. Pamenepo ndiye pachigono. Azungu atabwera sanalisinthe dongosolo limeneli, anangolifolera ndi malata.

Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 ndipo tonse timaidziŵa ndi dzina lakuti Mandala, ndiyo inkanyamula alendo ambiri ndi katundu wawo kuchokera ku nyanja ya mchere. Mlendo ankakwera sitima mumtsinje wa Zambezi, n'kuloŵa mu Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake mathithi ankatseka njira, chotero ankakwera machila, amtengatenga atasenza mabokosi ake pamutu, kukwera chitunda mpaka ku Blantyre, n'kutsikanso kukafika ku Matope, kumene sitima ina inkamuyembekeza. Kuchokera ku Matope ulendo unali wa pamadzi, kudzera pa Liwonde ndi nyanja ya Malombe, mpaka ku Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero lino. Pano ndi pamene sitima za mumtsinje zinkakumana ndi sitima za panyanja. Munthu wopita ku Nkhotakota, ku Likoma, ku Bandawe kapena ku Karonga ankaima pano, nthaŵi zina masiku angapo, kudikira sitima yake. Tinganene kuti tauni yonseyi inali chigono chimodzi chachikulu.

Zizindikiro za masiku amenewo zikadalipo kwa munthu wosafulumira. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yomangidwa ndi njerwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani kutsidya kwa nyanja, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946. Nyumba imene inali kalabu ya azungu inasanduka yosungiramo zinthu zakale za panyanja m'chaka cha 1971. Koma piringupiringu wa alendo anatha kalekale. Madzi a m'nyanja atatsika, mchenga ndi bango zinatseka kamwa la Shire, kotero kuti kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 mtsinjewo unali ngati waima. Ndipo m'chaka cha 1935 njanji inafika ku Salima kudzera pa Chipoka, katundu ndi anthu n'kumakwerera sitima kumeneko. Palibe amene anailakwira Fort Johnston. Njira inangosamuka, alendo n'kusamuka nayo.

Koma chigono chimene ndifuna kukusimbirani, aŵerengi anzanga, chili kumpoto kwa tauniyi, kumapeto kwenikweni kwa dera la Mfumu Nankumba, ndipo alendo ake sankafika pa akavalo, pa machila kapena pa sitima ayi, ankachita kutsika kumwamba. Ndinamva za malo ameneŵa ndili mphunzitsi wachinyamata, pamene ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya m'dera lomwelo, koma monga timachitira ambiri a ife, ndinazimvera m'khutu limodzi n'kutulukira linalo. Funso la mtsikana uja ndilo linandikumbutsa. Ndinakambirana ndi a komiti ya sukulu, makolo anasonkha kangachepe, ndipo Loŵeruka lina m'mamaŵa tinanyamuka pa minibasi, ine, mphunzitsi mnzanga wamayi, ndi ana 14, aliyense atanyamula mbatata yophika ndi botolo la thobwa.

Kuchokera pa Boma la Mangochi kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60, ndipo mseu wake ndi wosatopetsa. Umadutsa pakati pa milambe ndi migwalangwa, apa amayi ayala mikeka ndi zipewa za mlaza, apo mnyamata waimika chambo m'mwamba kuti woyendetsa galimoto aone. Musanafike pa Monkey Bay penipeni mumakhotera kumanzere, ndipo pamenepo ulendo umasintha nkhope. Mtunda wotsalawo ndi makilomita pafupifupi 18 okha, koma ndi wa m'mapiri, wokhotakhota, wokwera ndi kutsika pakati pa miyala ikuluikulu. Tinaima pang'ono pa Mwala wa Mphini kuti ana aone mizere yake yozama, imene imaoneka ngati munthu anachita kutema monga amatemera mphini pankhope, pamene chilengedwe chokha ndicho chinajambula. Anyani anatiyang'ana ali khale pamwamba pa thanthwe, osatekeseka konse. Ndikupempha kuti mseu umenewu muusunge m'mutu, pakuti uli ndi gawo lake m'nkhani yathu. Lero malo ake ovuta anakonzedwa, komabe minibasi yathu inkachita kulira pachitunda. Nanga zaka 75 zapitazo, uli wafumbi wokhawokha, m'nyengo ya dzinja?

Mukatsika chitunda chomaliza nyanja imangoti mbee patsogolo panu, ndipo ana anga, ngakhale anabadwira m'mbali mwa Shire, anafuula onse pamodzi. Kumanja kuli chilumba chachitali cha Domwe, kutsogolo chilumba cha Thumbi, kumbuyo mapiri amene mwangodutsa kumene. Eni dera amati pa Chembe. Dzina lakuti Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone m'chaka cha 1861, polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, munthu amene sanapondepo phazi pano. Chinsinsi chonse cha malo ano ndi mphepo. Mwera, umene umavutitsa asodzi kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, umaomba kuchokera kumwera chakum'maŵa, ndipo ukafika pano umapeza mapiri atautchinga. Kunja kwa zilumba nyanja ikhoza kukhala itakalipa, koma m'kati muno madzi ali phee ngati m'mbale.

Bata limeneli ndilo linakopa alendo oyamba. Pa 12 Okutobala 1875 kasitima ka Ilala, kamene anthu mazanamazana anakasenza m'zidutswa kulambalala mathithi a Shire, kanaloŵa m'nyanja ya Malaŵi, katanyamula a E. D. Young, Dr. Robert Laws ndi anzawo a mishoni ya Livingstonia. Atalandira chilolezo kwa Mfumu Mponda anasankha gombe lino, chifukwa Ilala ikanatha kugona pano osaopa mafunde. Koma malo okomera sitima sanakomere anthu. Malungo anawagwira mmodzimmodzi. Dr. William Black anamwalira m'chaka cha 1877, ndipo m'chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, mmodzi mwa alaliki anayi a Chixhosa amene anachokera ku Lovedale ku South Africa. Pofika 1881, pamene mishoni inasamukira ku Bandawe, anasiya manda asanu ndi Mkhristu wobatizidwa mmodzi, Albert Namalambe, amene anatsala pano kuyang'anira ntchito. Mandawo alipo mpaka lero m'tsinde mwa phiri, pakati pa miyala ndi mitengo. Tinaima pamenepo kanthaŵi, anyamata atavula zipewa, kenaka tinatsikira kugombe, pakuti chimene tinadzera chinali chapafupi pomwepo.

Kumapeto kwa gombe chakumadzulo, kufupi ndi miyala ya Otter Point, kuli malo amene pambuyo pake anadziŵika ndi dzina lakuti Golden Sands. Pamenepo ndi pamene panali Cape Maclear Hotel. Inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itangotha, pamene azungu a malonda ankakhulupirira kuti Nyasaland yayandikira masiku a chuma. Taganizani nokha za ntchito yake. Simenti, malata, magalasi, mabedi, mbale ndi mafoloko, zonsezo zinayenera kufika kuno kapena pa mseu wa m'mapiri uja kapena pamadzi. Munthu sataya ndalama zotere pamalo obisika chonchi popanda chimene akuyembekeza. Chimene ankayembekeza chinafika mu Novembala 1949, pamene zina mwa ndege za pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Southampton ku Mangalande ndi Johannesburg, zinayamba kutera pa Cape Maclear.

Achinyamata a lero akamva za ndege yotera pamadzi amaganiza kuti ndi ngozi. Koma masiku amenewo zinali zopangidwa dala. Mabwalo a ndege aakulu, okhala ndi mseu wautali wolimba, anali ochepa mu Afirika muno, pamene mitsinje ndi nyanja zinalipo kale, zosafuna kusalaza kapena kuthira phula. Chotero anapanga ndege yokhala ndi mimba ngati ya sitima. Zimene zinkatera kuno zinali za mtundu wa Short Solent, za mainjini anayi, zosanja paŵiri m'kati mwake, zonyamula apaulendo opitirira pang'ono 30. Munali matebulo odyerapo ndi mazenera aakulu, ndipo popeza zinkauluka chapansipansi, apaulendo ankaona midzi, mitsinje, ngakhale nyama za m'tchire. Ulendo wonse unkatenga masiku anayi ndi theka. Zinkatera pa Augusta pachilumba cha Sicily, pa mtsinje wa Nile ku Egypt ndi ku Khartoum, pa Port Bell m'nyanja ya Victoria ku Uganda, pa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Victoria Falls, ndipo pomaliza pa damu la Vaal kufupi ndi Johannesburg. Zinkauluka masana okha; kukada apaulendo ankatsika n'kukagona m'mahotela a m'njira, m'maŵa n'kupitiriza. Kodi si dongosolo lomwe lija la galeta ndi nyumba ya alendo, ndiponso la makolo athu ndi mkuyu wawo? Chinasintha ndi kavalo yekha.

Chimene chinakopa Ilala ndicho chinakopanso ndegezi. Ndege ya pamadzi imafuna madzi aatali, akuya, opanda mafunde, ndipo pakati pa gombe la Chembe ndi zilumba zija pali bwalo lotere lopangidwa kale. Ndegeyo sinkafika pamchenga. Inkamangiriridwa chapatali pang'ono, boti la injini n'kupita kukatenga anthu ndi matumba a makalata. Kwa mzungu wa ku Zomba kapena ku Thyolo chimenechi chinali chinthu chachikulu, pakuti ulendo wopita kwawo, umene pa njanji ndi pa sitima kudzera ku Beira unkadya masabata, tsopano unali wa masiku oŵerengeka.

Zonsezi ndinawafotokozera ana tili chiimire pansi pa mitengo, koma ndinaona kuti mawu anga sakuwaloŵa. Pamalopo panalibe chooneka chogwira mtima: simenti yosweka m'maudzu, zidutswa za njerwa, mizu ya mitengo itang'amba chimene kale chinali pansi pa nyumba, apusi akulumpha m'nthambi. Mwana mmodzi anafunsa ngati tsopano tingapite kukasamba. Mwayi wathu unali wakuti mnyamata amene ankatiperekeza anati m'mudzimo muli agogo ena amene anaziona ndegezo ndi maso awo, ndipo anathamanga kukawaitana. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, munthu wa zaka zopitirira 80, maso ofooka koma mutu wakuthwa. Ana anagwada kuwalonjera, ine ndinawapatsa mpando wopinda umene tinanyamula.

"Aphunzitsi," anatero, "inu mwaŵerenga m'mabuku, ine ndinali mwana wopanda malaya, ndiye mundikhululukire ndikalakwitsa. Chinthucho chinkayamba ndi kumveka chisanaoneke. Mumamva ngati bingu, koma kumwamba kulibe mtambo. Tsiku loyamba amayi anatikokera m'nyumba, nkhuku zonse balala. Kenaka tinazoloŵera. Chikamatera chinkalima madzi ngati khasu, thovu mbali iyi ndi mbali iyo, mafunde ake n'kudzagwedeza mabwato athu pagombe. Boti la azungu linkayamba lazungulira kuthamangitsa aliyense woŵedza pamenepo. Ife ana tinkathamangira uko kukaonerera, koma tinkaima patali."

Ndinawafunsa ngati analoŵamo m'hotelamo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuloŵa ndani, ine? Atsibweni anga ndiwo ankagwirako ntchito yotema nkhuni ndi kutunga madzi, koma ngakhale iwo ankadzera khomo la kukhitchini. Ife tinkapita ndi mazira, nkhuku, nthaŵi zina kampango, n'kuima kuseri mpaka akhuki atuluke. Chimene tinkalimbirana ndi zitini zotha ntchito. Amayi anga anali ndi chitini chimodzi cha jamu chimene tinamwera madzi mpaka ine kukula, china bambo anapangira koloboyi. Hotela inatha, chitini chili chikhalire." Apa ana anaseka, ndipo ndinaona kuti tsopano akumvetsera. Agogowo anatembenukira kwa iwo nati, "Zidzukulu zanga, akulu anati mlendo ndi mame. Ife tinkayesa kuti chinthu chachikulu chotere sichingathe. Tinangoona sabata yapita, ina yapita, bingu lija osamvekanso."

Pali zinthu ziŵiri zimene ndinaziganizira kwambiri agogowo akulankhula, ndipo ndiyenera kuzinena ngakhale sizikometsa nkhani. Choyamba ndi chaka chenichenicho. Aliyense amene anakulira pafupi ndi agogo ake m'Chigawo cha Kumwera anamvapo za njala ya 1949. Mvula ya dzinja la 1948 ndi 1949 inadula, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo njala inafika poipa chakumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950, makamaka m'boma la Blantyre ndi madera oyandikana nalo. Anthu ankayenda mitunda yaitali kukasuma, ena ankadya mizu ya m'tchire, ena anafera m'njira. Miyezi yomweyo ndiyo imene ndege zinkatera pa Cape Maclear, anthu a m'kati mwake akudya patebulo loyala nsalu yoyera. Sindikunena kuti apaulendowo ndiwo anabweretsa chilala. Ndingoti maiko aŵiri anali kukhala m'dziko limodzi, lina osaliona linzake.

Chachiŵiri ndi kumene ndegezo zinkapita. Zinkapita ku Joni, kumene amuna a m'midzi yathu yomweyi ankapitanso kukagwira ntchito m'migodi. Ena ankalembedwa ndi Wenela, ena ankapita paselefu, kuyenda pansi kudzera ku Tete ndi ku Salisbury, kugona m'tchire, kuima pa mafamu kugwira ganyu kuti apeze ya m'njira. Ulendo umene ndege inkautha kuchokera pano osachedwa, iwo unkawatengera masabata kapena miyezi, ndipo ena sanabwerenso, n'kusanduka matchona. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa oyenda pansiwo. Zigono zawo zinalibe dzina, zinalibe simenti, ndipo palibe mwana wa sukulu amene adzatengedwe kukaziona. Ndikaima pa mabwinja a hotela ya Cape Maclear ndimakumbukira iwo kuposa eni hotelayo.

Mapeto ake anafika msanga kuposa a Fort Johnston. M'nthaŵi ya nkhondo maboma anamanga mabwalo a ndege ambiri, ndipo ndege zotera pamtunda zinakula, zinayamba kuthamanga kwambiri, zinalinso zotsika mtengo poziyendetsa, popeza sizinkafuna maboti, antchito a pamadzi ndi mahotela m'njira monse. Mu Novembala 1950 BOAC inaleka kuyendetsa ndege za pamadzi, n'kuika za pamtunda m'malo mwake. Pofika mwezi wa Meyi 1952 ndege ya mtundu wa Comet inali kuchoka ku London n'kufika ku Johannesburg m'maola osakwana 24. Munthu wa ulendo wotere safuna chigono. Chotero Cape Maclear inalandira ndege kwa chaka chimodzi chokha. Zitaleka, hotela inatsala ndi mseu wa m'mapiri uja, ndipo alendo olimba mtima kudutsa m'menemo kudzangopuma anali ochepa, osakwanira kulipira antchito ndi kukonza nyumba yaikulu. Sipanapite nthaŵi, inatsekedwa. M'chaka cha 1951 Ilala yatsopano, imene ikuyendabe panyanja yathu, inaloŵa m'madzi pa Monkey Bay, kuseri kwa mapiri omweŵa, ndipo doko la kumeneko ndilo linakula.

Malowo sanafe nayo hotelayo. M'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, yoteteza mapiri, zilumba ndi madzi a m'mbali mwake, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna tokhala m'miyala, tamitundu yambirimbiri tosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malo ameneŵa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Mudzi wa Chembe unatsala m'kati mwake, ndipo alendo anayambanso kubwera, tsopano achinyamata a zikwama kumsana, pa mabasi ndi pa matola. Lero gombe lonse ladzaza nyumba za alendo, zina za eni dziko, ndipo Mmalaŵi amaloŵera khomo la kutsogolo ngati ali ndi ndalama yake. Kumeneko ndi kusintha kwenikweni, ndipo sindikuchepetsa.

Komabe mnyamata amene anatiitanira agogo uja ndiyenera kumutchulanso. Ndinamuzindikira titangofika, ngakhale tsopano ali ndi ndevu ndi ana aŵiri. Ndinamuphunzitsa zaka zambiri zapitazo, ndipo anali wanzeru pa masamu kuposa onse m'kalasi mwake. Anasiyira sukulu mu Sitandade 7, chifukwa anzake operekeza alendo ku Thumbi kukaona mbuna ndi kudyetsa nkhwazi ankapeza pa tsiku limodzi ndalama zimene bambo ake sankazipeza pa mwezi. Ndinapita kwa makolo ake kaŵiri, koma sindinaphule kanthu, ndipo kunena zoona panthaŵiyo ndinalibe yankho pa masamu akewo. Lero amalankhula Chingerezi chothamanga kuposa changa, ndi Chijeremani pang'ono. Tili kudya mbatata zathu ndinamufunsa za moyo. Anati, "Aphunzitsi, zinkayenda ndithu mpaka 2020. Matenda a Covid-19 atabwera, ndege zinaima, gombe lonseli linangoti zii. Miyezi inapita osaona mlendo ndi mmodzi yemwe. Boti ndinagulitsa. Ndinakaloŵa ulovi pa chilimira cha munthu wina, kugwira usipa usiku ndi nyali, ine amene ndinali ndisanakokepo khoka." Tsopano alendo anabwereranso, ndipo iye anabwerera ku ntchito yake, koma boti ndi la mwini wake. Mwana wake woyamba ali mu Sitandade 5. Anandiuza, osayang'ana kumaso kwanga, kuti ameneyo akamupeza pagombe nthaŵi ya sukulu amamuthamangitsa ndi kamtengo.

Ana anasamba, anadya, ndipo mphunzitsi mnzanga anawaŵerenga kaŵiri kuti atsimikize kuti onse 14 atuluka m'madzi. Mtsikana wa funso uja sanasambe nawo. Ndinamupeza ku mabwinja kuja akuyenda m'mphepete mwa simenti, akuŵerenga mapazi ake ndi kulemba m'kope. Atatha anapita kwa agogo aja, nagwada, nafunsa kuti, "Agogo, nanga chinkachokera mbali iti?" Agogowo anakweza ndodo yawo naloza kumpoto, pakati pa Domwe ndi Thumbi, nayendetsa ndodoyo pang'onopang'ono kutsika nayo mpaka pamadzi a patsogolo pathu, pamene panali bwato limodzi lokha ndi mnyamata akukonza ukonde. Mtsikanayo anayang'ana pamenepo nthaŵi yaitali. Kumseu woyendetsa minibasi anayamba kuliza hutala, pakuti anali atanena kale m'maŵa kuti mapiri aja safuna kuwadutsa kutada.